Mafunso ndi Mayankho: Mipeni Yopinda ya M'thumba

Mwezi uno makalata ambiri akhudza mipeni yopinda, ija yoyenda nayo m'thumba: ya agogo yopezeka m'masutukesi, ya kumunda, ndi ina imene anthu ayamba kusonkhanitsa chifukwa choikonda. Mafunso ofanana tawaphatikiza, ndipo ena tawafupikitsa.

Agogo anga aamuna anagwira ntchito m'migodi ya ku Joni nthawi ya Wenela. Atamwalira tinapeza mpeni wa Okapi m'sutukesi mwawo, uja wa kamphete kumsana. Wachita dzimbiri ndipo ukukana kutseguka. Kodi ndi wakale zoona? Ndiukonze bwanji? Wowerenga wa ku Ntcheu

Pepani ndi maliro a agogo. Musanachite china chilichonse, yang'anani zimene zalembedwa pachitsulo cha mpeniwo. Okapi anayamba kupangidwa mu 1902 ku Solingen, mzinda wa ku Germany wotchuka ndi zosulasula, ndipo msika wake waukulu unali kuno ku Africa. Mu 1988 dzina ndi makina ake zinasamutsidwira ku South Africa, ndipo anayamba kupangidwa ku Isithebe, m'chigawo cha KwaZulu-Natal. Ngati palembedwa Made in Germany, mpeniwo ndi wa chaka cha 1988 chisanafike. Mbiri ya agogo ikugwirizana nazo. Boma la Malawi linaimitsa Wenela mu 1974, ndege yonyamula ogwira ntchito m'migodi itagwa ku Francistown. Ulendo unatsegulidwanso mu 1977 kudzera ku TEBA, n'kudzatha mu 1988. Okapi amene munthu anabwera naye m'zaka zimenezo kawirikawiri amakhala wa ku Germany.

Za mtengo tisakunamizeni. Mipeniyi inkapangidwa yambirimbiri, yotchipa, kuti aliyense akwanitse kugula. Osonkhanitsa amaikondadi ya ku Germany, makamaka ngati tizitsulo tokongoletsa pachogwirira, tija ta mwezi ndi nyenyezi, tikadalipo tonse, koma simungalemere nawo. Usungeni chifukwa cha mwini wake.

Kuti utseguke, donthezani palafini madontho atatu kapena anayi pomwe mpeni umapindikira, muusiye usiku wonse. Musaumize wonse m'palafini, chifukwa chogwirira ndi cha mtengo ndipo chimamwa fungo. M'mawa gwirani msana wa mpeni ndi kansalu, muutsegule pang'ono n'kuubweza, kutsegula n'kubweza, mpaka ulole wokha. Pulayala musaigwiritse ntchito: imasiya mano pachitsulo ndipo ikhoza kuthyola sipuling'i. Ukatseguka, chotsani zinyalala za m'kati ndi mswachi wakale ndi kamtengo kotokosera m'mano.

Dzimbiri lilipo la mitundu iwiri, ndipo apa ndi pomwe ambiri amaonongera mipeni yakale. Lofiira, lokhakhala, likudyabe chitsulo ndipo liyenera kuchoka. Pakani oilo wa makina osokera, mudikire mphindi 15, kenako mupukute mofatsa ndi steel wool yosalala kwambiri, ija yolembedwa 0000. Madontho akuda kapena otuwa amene atsale asiyeni. Amenewo sakudyanso chitsulo, ndipo kuti achoke mpaka mupale chitsulo chenichenicho pamodzi ndi zolemba zimene zikukuuzani msinkhu wa mpeni. Sandipepa asafike pa zolembazo. Kunyika mu viniga usiku wonse, monga ena amalangizira, kumachotsadi dzimbiri, koma kumasiya chitsulo chotuwa, cha timaenjemaenje, ndipo viniga wotsalira m'kati amayambitsa dzimbiri latsopano.

Potseka Okapi, kokani kamphete kuti sipuling'i ya kumsana inyamuke, ndipo zala zonse zichoke panjira ya mpeni. Mukaona kamng'alu pa sipuling'iyo, mpeniwo ungokhala wosunga, osagwiritsanso ntchito.

Amene agogo awo anali asilikali a King's African Rifles ayang'anenso m'katundu wakale. Asilikali a Britain pa nkhondo yachiwiri ankapatsidwa mpeni wopinda wolemera, wa chogwirira chakuda cha timizeremizere, wokhala ndi chotsegulira zitini, ndipo ina inali ndi chisonga chomasulira mfundo za zingwe. Yambiri ili ndi chizindikiro cha boma chonga nsonga ya muvi, dzina la kampani ya ku Sheffield ndi chaka chimene inapangidwa. Makonzedwe ake ndi omwewa.

Ndinapatsa wowotcherera mageti kuti andinolere mpeni pa galayinda. Unathwa tsiku limodzi lokha. Tsopano ukubuntha msanga, ndipo kukamwa kwake kwachita buluu. Chinalakwika n'chiyani? Bambo wa ku Lilongwe

Mpeniwo unapsa, bambo. Popanga mpeni, chitsulo amachitenthetsa kwambiri, kuchiziziritsa mwadzidzidzi kuti chilimbe, kenako kuchifunditsanso pa madigiri pafupifupi 200 kuti chisamathyoke. Mukachitenthetsanso kupitirira pamenepo, kulimba kuja kumathawa. Chitsulo chimayamba kuoneka chachikasu pa madigiri pafupifupi 220, ndipo chikafika pa buluu ndiye kuti chayandikira 300. Kukamwa kwa mpeni wa m'thumba n'kopyapyala kwambiri, moti pa galayinda kumafika pamenepo m'kamphindi, dzanja la wonolayo lisanamve n'komwe kutentha. Galayinda ndi ya makasu ndi zikwanje, ndipo ngakhale zimenezo zimafuna kuviikidwa m'madzi pafupipafupi.

Ngati buluuyo ali m'mphepete mokha, mpeni ungapulumuke. Muyenera kunola pamwala mpaka chitsulo chofewacho chithe, mufike pa cholimba. Ngati wakwera mpaka pakati, palibenso chochita.

Gulani mwala wonolera wa mbali ziwiri, yokhakhala ndi yosalala, umene umapezeka m'mashopu a hardware. Ngati pali manambala, 400 ndi 1000 ndi okwanira. Unyowetseni ndi madzi kapena oilo wopepuka, koma musankhe chimodzi: mwala umene wamwa oilo sulandiranso madzi. Uikeni pa nsalu yonyowa kuti usaterereke.

Gonekani mpeni pamwala, kenako mukweze msana wake pang'ono. Mukufuna madigiri 15 mpaka 20 mbali iliyonse. Pa mpeni wa sentimita imodzi ndi theka m'lifupi, msana ukwere mamilimita 4 kapena 5 kuchokera pamwala. Ngati muli ndi peni ya maka, detsani kukamwa kwa mpeni musanayambe, munole kawiri katatu n'kuyang'ana. Inki ikachoka kumtunda kokha, mwagoneka kwambiri. Ikachoka pa kamzere ka kumapeto kokha, mwaimika kwambiri. Ikachoka ponse, gwirani pomwepo ndipo dzanja lisasinthe.

Yendetsani mpeni kuchokera kutsinde mpaka kunsonga, mbali imodzi yokha, mpaka mutamva kachitsulo kopyapyala katapindikira mbali inayo. Mumakamva poyendetsa chala kuchokera kumsana kutsikira kukamwa, osati motsatira kukamwa. Kachitsulo kameneka ndiye umboni woti mwanola mpaka pamapeto penipeni, ndipo kayenera kumveka kuyambira kutsinde mpaka kunsonga. Anthu ambiri amene amati mpeni wawo sukuthwa amatembenuza kasanabwere. Kakabwera, tembenuzani muchite chimodzimodzi. Kenako pitani ku mbali yosalala ya mwala, muzisinthasintha mbali, mukuchepetsa mphamvu mpaka mpeni uzingokhudza mwala. Malizani pa lamba wachikopa wakale, mbali yake yokhakhala, mukukokera mpeni chakumsana kakhumi mbali iliyonse kuti kachitsulo kaja kathothoke. Yesani pa pepala la nyuzi kapena pa tomato wakupsa.

Chitsulo cha Okapi n'chofewerapo kuposa cha mipeni yodula, choncho amabuntha msanga komanso amathwa msanga. Kumupititsa pa lamba madzulo aliwonse amene wagwira ntchito kumachepetsa ulendo wa pamwala, ndipo mpeni sutha msanga.

Ndimakhala ku Leeds, ndipo kwathu ndinazolowera kuyenda ndi kampeni kosendera zipatso ndi kudulira zingwe. Anzanga akuti kuno ndimangidwa. Zoona zake n'ziti? Nanga popita kumudzi kudzera ku Joni? Wowerenga wa ku Britain

Anzanuwo sakukuopsezani pachabe, koma si mpeni uliwonse. Ku England ndi Wales, ndime 139 ya Criminal Justice Act ya 1988 imaletsa kukhala ndi mpeni pamalo a anthu onse popanda chifukwa chomveka. Imapatula mpeni wopinda wa m'thumba umene kukamwa kwake sikupitirira mainchesi 3, omwe ndi masentimita 7.62. Makhoti, pa milandu ya mu 1993 ndi 1998, anagamula kuti mpeni wokhala ndi loko suli m'gulu lopatulidwalo, ngakhale ukhale waufupi chotani. Chilango chimatha kufika zaka zinayi m'ndende. Scotland ili ndi lamulo lakelake lonena zofanana.

Pamenepa Okapi wa kamphete wagwa kawiri: ali ndi loko, ndipo wamkulu uja ndi wotalika pafupifupi masentimita 10. Opinel kuyambira nambala 6 kupita m'mwamba ali ndi mphete yokhomera, ndiye nayenso ndi wa loko. Umene mungayende nawo ndi uja umangogwiridwa ndi sipuling'i, umene umapindika mukaukankha kumsana. Victorinox Spartan, wa chogwirira cha mamilimita 91, ali m'gulu limeneli, chimodzimodzi mipeni ing'onoing'ono ya ku Sheffield. Komabe ngakhale wololedwawo, mukauonetsa pokangana kapena kuuza wapolisi kuti ndi wodzitetezera, wasanduka chida ndipo mlandu wake ndi wina. Ku bawo, ku mpira ndi ku sukulu ya ana usiyeni kunyumba.

Ku South Africa, Dangerous Weapons Act ya 2013 siyeza kutalika. Imayang'ana malo, nthawi, khalidwe la munthu ndi mmene wanyamulira chidacho. Ngati zonsezi zikupereka chikayikiro chomveka choti akufuna kuchita nacho zosaloledwa, chilango chimafika zaka zitatu. Lamulolo limapatula ntchito yovomerezeka komanso kusonkhanitsa zinthu mwachilungamo. Koma dziwani kuti kumeneko dzina la Okapi linaipitsidwa ndi atsotsi, ndipo mlendo wopezeka naye usiku pa renki ya matakisi amakhala ndi zambiri zoti afotokoze. Ku Zimbabwe n'kolimba koposa: ndime 39 ya Criminal Law (Codification and Reform) Act imaletsa mipeni yopinda ya loko, ndipo anthu amamangidwa chifukwa cha Okapi. Apabasi odutsa pa Beitbridge ndi Nyamapanda akumbukire zimenezi. Kuno ku Malawi, Penal Code imaletsa kuyenda ndi chida choopsa pagulu popanda chifukwa chomveka. Mlimi wopita kudimba ndi mpeni ali nacho chifukwa, pomwe munthu wopita kumowa kapena kumsonkhano wandale alibe.

Pa ndege, mpeni uliwonse ulowe m'chikwama chachikulu chopereka pa kauntala. Ukapezeka m'chikwama cha m'manja pa Kamuzu International Airport kapena pa OR Tambo, amalanda.

Ndinagula Opinel nambala 8. Mvula itayamba, akukana kutseguka, ndipo nditasendera mango ndi mandimu chitsulo chada. Kodi anandigulitsa wachinyengo? Mayi wa ku Mulanje

Ayi mayi, zonse ziwirizi ndi khalidwe la Opinel weniweni. Mpeniwu unayambitsidwa ndi Joseph Opinel mu 1890 ku Savoie, kumapiri a ku France, ndipo ulibe sipuling'i. Chogwirira ndi mtengo umodzi wa beech wong'ambidwa pakati, ndipo mpeni umagwiridwa ndi kuthina kwa mtengowo basi. Mphete yokhomera inawonjezedwa mu 1955. Mtengo ukamwa chinyezi umatupa n'kufinya chitsulo, ndipo chinyezi cha ku Mulanje mukuchidziwa nokha.

Yambani mwaona kuti mphete yazungulira pamalo otsegula, chifukwa ya masiku ano imakhomanso mpeni uli chitsekere. Kenako gwirani chakumphete, mugogode kumapeto kwa chogwirira pa tebulo, mpata wa mpeni utaloza pansi. Nsonga imatuluka pang'ono moti mungaigwire. Kuti vutolo lichepe, umitsani mpeniwo uli wotsegula pamalo ofunda kwa masiku awiri kapena atatu, osati pamoto, chifukwa mtengo ungang'ambike. Ukauma, lowetsani vaselini m'mpata wa pafupi ndi mphete kuti mtengo usamwenso madzi msanga. Mukamaliza ntchito muzipukuta ndi kansalu konyowa, osauviika m'beseni la mbale.

Za kuda kwa chitsulo, werengani pampeni. Pakalembedwa Carbone, ndi chitsulo cha kaboni, chimene chimathwa mosavuta koma chimada chikakhudza zowawasa monga mandimu, tomato ndi anyezi. Kudako si dzimbiri ndipo kumatchinjirizako dzimbiri lofiira. Masiku oyamba kumasiya kafungo kachitsulo pa chipatso, kenako kumatha. Pakalembedwa Inox, ndi chosachita dzimbiri msanga. Kwa inu amene ntchito yaikulu ndi zipatso kudera lamvula, Inox ndiye akanakuyenerani. Poti wa kaboni muli naye kale, mupukuteni mukangomaliza kudula, ndipo muzipaka kadontho ka mafuta. Mafuta ophikira amateteza chitsulo kwa masiku ochepa, koma pomwe mpeni umapindikira musaikepo, chifukwa akakhalitsa amamata n'kukoka fumbi.

Ndikufuna kuyamba kusonkhanitsa mipeni yachikale yopinda. Ndiyambire pati, ndipo ndizindikira bwanji yeniyeni pogula yogwiritsidwa kale ntchito? Wowerenga wa ku Johannesburg

Musayambe ndi kugula chilichonse chonyezimira. Sankhani njira imodzi, kaya dziko, kaya kampani, kaya kapangidwe, kuti diso lizolowere. Kwa munthu wa ndalama zochepa, njira yabwino ndi ya mipeni ya anthu wamba ya maiko osiyanasiyana: Okapi, Opinel, Douk-Douk wa ku Thiers ku France amene anayamba mu 1929, Mercator wa ku Solingen wa chogwirira chachitsulo chokhala ndi chithunzi cha mphaka, ndi Higonokami wa ku Miki ku Japan. Yonseyi ndi yotsika mtengo, ndipo uliwonse unapeza njira yakeyake yogwirira mpeni kuti usatsekeke pa zala. Mukaiyala pamodzi mumaphunzira zambiri kuposa kugula umodzi wodula.

Njira ina ndi ya kapangidwe ka ku England ndi America. Barlow ali ndi chitsulo chachitali kumutu kwa chogwirira, cholimbitsa pomwe mpeni umapindikira. Stockman ali ndi timipeni titatu: kansonga, ka kukamwa kowongoka, ndi kobulungira kumapeto kamene oweta ng'ombe ankafulira ziweto. Trapper ali ndi tiwiri titalititali tosendera nyama. Lambsfoot wa ku Sheffield ali ndi kamodzi kowongoka, kabwino kudulira zingwe ndi kusongolera mitengo.

Zolemba za patsinde pa mpeni ndiye chiphaso chake. Kampani ya Case ya ku Bradford, Pennsylvania, imaika nambala yofotokoza mpeni wonse. Pa 6254, 6 akunena chogwirira cha fupa logobedwa, 2 ndi kuchuluka kwa timipeni, 54 ndi kapangidwe ka Trapper. Nambala yoyamba ikakhala 5 ndi nyanga ya mbawala, ikakhala 3 ndi pulasitiki yachikasu. Ngati nambala ikunena zina, chogwirira chikuonetsa zina, wina anasinthapo zinthu. Mu 1970 Case anayamba kuika madontho 10 pansi pa dzina, n'kumachotsa limodzi chaka chilichonse, moti mu 1979 linatsala limodzi. Pa mipeni ya ku Sheffield, Joseph Rodgers amadziwika ndi nyenyezi ndi mtanda, George Wostenholm ndi zilembo I*XL. Mawu oti England anayamba kuwonjezedwa cha m'ma 1891 chifukwa cha lamulo la msonkho la ku America. Chitsulo chosachita dzimbiri anachitulukira Harry Brearley ku Sheffield komweko mu 1913, choncho wogulitsa amene akuti mpeni wolembedwa Stainless ndi wa nthawi ya Mfumukazi Victoria akunama, chifukwa mfumukaziyo inamwalira mu 1901.

Victorinox, kampani imene Karl Elsener anayambitsa ku Ibach ku Switzerland mu 1884, ndiyo imaberedwa maonekedwe kwambiri m'misika. Mtanda woyera pa chogwirira chofiira si umboni. Weniweni ali ndi dzina la Victorinox lodindidwa bwino patsinde pa mpeni waukulu, ndipo kachida kalikonse kamatseguka mosalala n'kukhala pamalo pake ndi kaphokoso komveka bwino. Wachinyengo amakhala wolobodoka, ndipo sizasi yake imatafuna pepala m'malo modula.

Pogula wakale, tsegulani kampeni kamodzikamodzi. Sipuling'i yamoyo imakokera mpeni pamalo pake potsegula ndi potseka pomwe. Yofooka imausiya ukulendewera, ndipo kuikonza n'kovuta. Gwedezani mpeni cham'mbali ndi cham'mwamba. Penyetsani padzuwa kuti muone mipata pakati pa sipuling'i ndi zitsulo za m'mbali. Yang'anani ming'alu pafupi ndi timisomali ta chogwirira. Yerekezani kutalika kwa mpeni ndi mpata wake: ukaperewera kwambiri, nsonga inathyoka ndipo wina anasongolanso. Mpeni wakale wonyezimira kwambiri koma zolemba zake zili zofufutika unapalidwa pa makina, ndipo kwa osonkhanitsa mtengo wake watsika. Chinanso: timipeni tiwiri togwiritsa sipuling'i imodzi musatitsegule theka nthawi imodzi. Sipuling'i imakankhidwa mbali zonse ziwiri, ndipo yakale ikhoza kuthyoka.

Ndimasunga mipeni yanga 12 m'kabokosi. Umodzi wa chogwirira chamawangamawanga wayamba kufota, ndipo yoyandikana nawo yachita dzimbiri ngakhale ndimapaka oilo. Winanso anandiuza kuti umodzi ndi wa mnyanga wa njovu. Wowerenga wa ku Zomba

Chotsani wamawangamawangawo lero lomwe. Zikuoneka kuti chogwirira chake ndi celluloid, pulasitiki yakalekale imene makampani ambiri ankagwiritsa ntchito. Ikayamba kuonongeka imafota, imang'ambika, ndipo imatulutsa mpweya wa asidi umene umadya chitsulo chilichonse chili pafupi. Chizindikiro chake n'chakuti dzimbiri limayambira pa gawo la mpeni limene limaonekera kunja mpeni uli chitsekere. Oilo sangaletse, ndipo mankhwala ake palibe. Usungeni pawokha, pamalo opita mphepo, kutali ndi dzuwa ndi moto chifukwa celluloid imayaka msanga. Ngati mumaukonda, mmisiri achotse chogwiriracho aikepo mtengo kapena fupa.

Inayo itsukeni monga tafotokozera pa Okapi wa agogo, muisunge yotseka, yopukutidwa ndi kansalu ka oilo pang'ono. M'kabokosi ikanimo timapaketi ta silica gel tija timabwera m'makatoni a nsapato, ndipo muzitiumitsa padzuwa nthawi ndi nthawi. M'thumba lachikopa mpeni usagonemo miyezi: chikopa chimasunga chinyezi, ndipo mankhwala ofufutira amachititsa mkuwa kutuluka zobiriwira. M'nyengo ya dzinja tsegulani bokosilo kamodzi pamwezi. Fupa ndi nyanga siziyanjana ndi dzuwa la pawindo kapena m'galimoto yotseka, zimang'ambika.

Za mnyanga, mipeni ina yakale ya ku Sheffield inalidi nawo, koma yambiri imene anthu amaiganizira ndi fupa kapena pulasitiki. Yang'anani ndi galasi lokulitsa. Fupa lili ndi timadontho ndi timizere takuda, momwe munkadutsa mitsempha. Mnyanga wa njovu ulibe timabowo, ndipo kumapeto kumene unadulidwa umaonetsa timizere topingasana. Ngati ndi mnyanga, musaugulitse, musautumize kunja, ndipo musadutse nawo pachipata cha dziko. Malonda a minyanga pakati pa maiko analetsedwa pansi pa pangano la CITES mu 1989, ndipo lamulo la Malawi la nyama zakutchire, litakonzedwanso mu 2017, limafika zaka 30 m'ndende pa milandu ikuluikulu. Pitani ku nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire akuuzeni zoyenera kuchita.

Mpeni wanga ukugwedera, ndipo ndikautseka nsonga ikumatsala kunja n'kumaboola thumba. Wowerenga wa ku Chipata

Ngati ukugwedera cham'mbali, msomali wa pomwe umapindikira wamasuka, kawirikawiri chifukwa chotsegulira zitini za penti kapena kupotokolera zinthu. Lowetsani kachidutswa ka lezala pakati pa mpeni ndi chitsulo cha m'mbali, ikani mutu wa msomali pachitsulo cholimba, mugogode mbali inayo ndi kahamala kakang'ono. Menyani pang'ono, yesani, menyaninso. Lezalayo imaletsa kuti musathinitse mopitirira. Ngati ukugwedera cham'mwamba ndi pansi, tsinde la mpeni kapena sipuling'i zadyeka, ndipo hamala siithandiza.

Nsonga imatsala kunja chifukwa mpeni wachepa ndi kunola. Patsinde, mbali ya kukamwa, pali kachitsulo kotukuka kamene kamagunda sipuling'i potseka. Palani kameneko ndi tupa yosalala, kawiri kapena katatu kokha, mutseke muone. Mukapala mopitirira, kukamwa kumayamba kugunda sipuling'i ndipo mpeni umabuntha malo amodzi nthawi iliyonse mukautseka. Choncho imani nsonga ikangobisika.

Kodi mpeni wa m'thumba womwewu ndingamezanitsire mango ndi malalanje? Mlimi wa ku Salima

Mungathe, bambo, koma mitengo yambiri imakana kugwira chifukwa cha mpeni. Pomezanitsa, mabala awiriwo ayenera kukhala osalala ndi owongoka kuti khungu la m'kati la nthambi ligundane ndi la tsinde popanda mpata. Mpeni wamba, wonoledwa mbali zonse ziwiri, umakonda kulowa n'kutuluka mumtengo, ndipo bala limakhala lokumbika pakati. Mpeni womezanitsira umanoledwa mbali imodzi yokha, inayo imakhala yafulati, choncho umayenda mowongoka. Victorinox amapanga yotere, ina ili ndi kachitsulo kosathwa kotukulira khungwa pomezanitsa ndi diso, monga timachitira ndi malalanje. Pogula nenani ngati ndinu wamanzere, chifukwa mbali yonoledwa imasiyana.

Ponola woterewu, nolani mbali yopendekeka yokha. Mbali yafulati igone pamwala kwathunthu, muipititse kamodzi kapena kawiri kungochotsa kachitsulo kopindikira kaja. Ngati mulibe, sankhani mpeni wa kukamwa kowongoka ndi chitsulo chopyapyala, muunole mpaka uzimeta ubweya wa pamkono, ndipo muupatule ukhale wa ntchito imeneyi yokha. Dulani kamodzi, mokoka kuchokera kutsinde la mpeni mpaka kunsonga, bala la masentimita 3 kapena 4. Kubwerezabwereza kumasiya masitepe pabala. Pukutani mpeni ndi sipiriti musanachoke pa mtengo wina kupita pa wina kuti musasamutse matenda, ndipo utomoni wa mango uchotsedwe tsiku lomwelo, chifukwa ukauma umamata pomwe mpeni umapindikira ndipo umadetsa chitsulo cha kaboni.